Mudzi umodzi wowonjezera

Bambo anga ankagulitsa mchere, sopo, machesi ndi palafini pa njinga. Nkhondo itatha mu 1992, ife titabwerera kwathu ku Angónia kuchokera ku Dedza kumene tinathawira, iwo analibe banca, analibe ngakhale kabenchi pamsika wa ku Ulónguè. Golosale yawo inali makatoni awiri ndi chigubu, zomangidwa pakaliyala ndi mphira wa chubu chakutha. Ankadzuka kusanache, n'kuima pakhonde kapu ya tiyi ili m'manja, n'kumatchula mayina a midzi chapansipansi ngati munthu amene akupemphera. Kenako ankalengeza: "Lero ndiyambira kudambo, ndikatulukire kuchigayo, kusukulu ndikadzera pobwerera."

Mayi nthawi zina ankaponyapo mawu ali pamoto. "Bwanji osayambira kusukuluko, si ndiye pafupi?"

"Kumeneko kuli chitunda. Ndikakwera katundu atapepuka."

Tiyi akamatha m'kapu, ulendo unali utatha kale kukonzedwa.

Patapita zaka zoposa khumi, bambo anga ndinakakumana nawo pa bolodi ku Maputo. Aphunzitsi athu a masamu a kompyuta, bambo wamfupi wokonda kupukutira choko pathalauza, analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti problema do caixeiro-viajante. Caixeiro-viajante ndi wamalonda woyendayenda. Ali ndi midzi ingapo yoti afikeko, uliwonse kamodzi, kenako abwerere kumene anachokera. Ayambire kuti, adzere kuti, kuti mtunda wonse ukhale waufupi kuposa wa njira ina iliyonse? Aphunzitsiwo anawonjezera kuti padziko lonse palibe amene akudziwa ndondomeko yachangu yopezera yankho lenileni la funso limeneli nthawi zonse. Ine m'kalasi ndinkakhala phee, chifukwa Chipwitikizi changa chinkandiulula kuti ndine wakumpoto ndikangotsegula pakamwa, koma tsiku limenelo dzanja linakwera lokha. Ndinati abambo anga amachita zimenezi m'mawa uliwonse asanamalize tiyi.

Anzanga anafa nalo phwete. Aphunzitsi sanaseke. Anandifunsa kuti midzi yake imakhala ingati. Ndinati isanu, tsiku labwino isanu ndi iwiri. Anagwedeza mutu, n'kutembenukira ku bolodi.

Malo akakhala asanu, kuwerengera ndi kunyumba komwe, njira zozungulira zimene munthu angasankhepo ndi 12. Akakhala khumi, njira ndi 181,440. Akakhala 20, analemba nambala imene inatsala pang'ono kugwera kunja kwa bolodi: 60,822,550,204,416,000. Ndiye anati tiyerekeze kuti tili ndi kompyuta yoyesa njira 1 biliyoni pa sekondi iliyonse, osapuma, magetsi osathima. Malo khumi iwamaliza munthu asanaphethire. Malo 20 iwamaliza patatha pafupifupi zaka ziwiri. Apa anandiyang'ana ineyo, n'kunena kuti ndikawauze abambo anga awonjezere mudzi umodzi wokha. Malo 21: zaka 38 ndi miyezi. Malo 25: zaka pafupifupi 10 miliyoni.

M'kalasi munangoti zii. Chimene chinandigwira pakhosi si kukula kwa manambalawo, poti manambala aakulu tinali titawazolowera. Chinali mudzi umodzi uja. Kwa Bambo, mudzi wowonjezera unkatanthauza kupalasa theka la ola ndi kufika kunyumba nsima itazizira. Pa bolodi paja, mudzi womwewo unasandutsa zaka ziwiri kukhala moyo wonse wa munthu wapantchito.

Ine sukulu ndinaiyambira m'Chichewa, ku Dedza. Titabwerera kwathu zonse zinasanduka Chipwitikizi, ndipo mwana wotero amaphunzira luso limodzi msanga: kuloweza. Mawu umawasunga ngati mtedza wosasenda, podziwa kuti tsiku la prova, la mayeso, ukawabweza momwe unawalandirira. Mawu akuti eficiência ndinawasunga chotero kwa zaka zambiri, nditawaponya m'dengu limodzi ndi changu ndi khama. Munthu eficiente ndinkamuona ngati uja amamaliza ndime yake ya ganyu dzuwa lisanafike paliwombo, anzake akadali pakati. Bolodi lija ndi limene linandisendera mtedzawo. M'maphunziro amenewa, eficiência safunsa kuti ntchito ya lero waimaliza nthawi yanji. Amafunsa kuti katundu akachuluka, ntchito yako idzakula motani.

N'chifukwa chake sagwiritsa ntchito wotchi. Wotchi imayeza makina, ndipo makina a chaka chino amaposa a chaka chatha. Iwo amawerenga masitepe a algoritmo, kutanthauza ndondomeko yosanjidwa bwino, yoti ngakhale wosadziwa cholinga chake akaitsatira sitepe ndi sitepe afika pa yankho. Kugawa nambala yaitali kumene tinkachita m'makope a pulayimale ndi algoritmo. Ndipotu mawuwa ali ndi mphwake amene mwana aliyense wa ku Mozambique amamudziwa ali m'kalasi zoyambirira: algarismo, chizindikiro chimodzi cha nambala, monga 3 kapena 7. Onse awiri anachokera ku dzina la munthu mmodzi, al-Khwarizmi, katswiri amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800. Nditamva zimenezi ndinasangalala ngati ndapeza wachibale kutauni.

Kukula kwa katunduyo amakutcha n. Ikhoza kukhala midzi, mayina, kapena ma algarismo a nambala. Ndiye amafunsa kuti masitepe ndi angati pa n ameneyo, ndipo kawirikawiri amawerengera pior caso, tsiku loipitsitsa, monga momwe wofolera nyumba amaganizira mvula ya mu Januwale osati mawawa a mu Juni.

Bambo atapeza kabanca kawo, anali ndi kope la ngongole. Aliyense wotenga sopo kuti adzalipira akagulitsa kachewere ankalembedwa pansi pa mnzake, motsatana ndi tsiku. Mayina ali makumi atatu, zinkayenda. Atafika cha m'ma 400, munthu akabwera kudzabweza ngongole Bambo ankanyowetsa chala ndi malovu, n'kuyamba tsamba loyamba, wobwezayo ataima poteropo, ena kumbuyo kwake akudikira machesi. Ngati dzinalo linali lomalizira, ankadutsa mayina onse 400. Achemwali anga ndiwo anatopa nazo. Anagula kope latsopano, n'kukhala usiku utatu pa nyale akukopera mayina onse motsata alifabeti. Kuyambira pamenepo unkatsegula pakati, n'kuona ngati dzina lili kutsogolo kapena kumbuyo, n'kutaya theka losafunikalo, n'kutsegulanso pakati pa theka lotsalalo. Mwa njira imeneyi mayina 400 safuna kuyang'ana koposa kasanu ndi kanayi. Akhale 1 miliyoni, kuyang'ana 20 kwakwana. Mabuku athu ochokera ku Portugal ankaitcha pesquisa binária, a ku Brazil busca binária, ndipo achemwali anga, amene sukulu anailekera panjira, ankangoti kutsegula pakati.

(Mabuku awiriwa ankatisokoneza pa zambiri. La ku Brazil likati bilhão limatanthauza 1,000 miliyoni, pamene bilião wa ku Portugal ndi miliyoni wa mamiliyoni. Wosasamala ankalakwitsa yankho ka 1,000 popanda kulakwitsa masamu.)

Pali ntchito zina zimene zimakula mofulumirirapo. Pachinkhoswe, aliyense akati apatsane moni wa padzanja ndi aliyense, anthu khumi apatsana moni 45, anthu 20 moni 190, anthu 100 moni 4,950. Anthu akawirikiza kawiri, moni amawirikiza pafupifupi kanayi. Kukula kotere amakulemba n², ndipo kuli abale ake, n³ ndi ena otero. Banja lonseli ndilo tempo polinomial. Kuti ndisaiwale, ndinkaziona chonchi: pa n², n waima pansi ndipo wanyamula kamwana paphewa, kamwana kosakula, 2 yemweyo lero ndi mawa. Pa 2ⁿ zatembenuka, n ndiye wakwera paphewa. Kumeneko ndiye ku tempo exponencial, kumene chinthu chimodzi chowonjezera chimawirikiza ntchito yonse. Wamalonda wa pa bolodi uja, akamayesa njira zonse, amaposa ngakhale pamenepo, poti mudzi wa 21 unachulukitsa ntchito ka 20.

Tengani n akhale 100. Pa n³ masitepe ndi 1 miliyoni, ndipo kompyuta yathu ija imaliza musanatsitse chala. Pa 2ⁿ nambala yake ili ndi ma algarismo 31, ndipo kompyuta yomweyo ifunika zaka pafupifupi 40 thiriliyoni, pamene akatswiri a zakuthambo amati chilengedwe chonse chakhalapo zaka 13.8 biliyoni. Wina anafunsa m'kalasi muja kuti nanga tikagula makina amphamvu. Aphunzitsi anati chabwino, gulani othamanga ka 1,000 kuposa awa. Pa ntchito ya n² mudzatha kunyamula katundu wochuluka ka 31. Pa ntchito ya 2ⁿ mudzangowonjezera zinthu khumi, chifukwa 2 mukamuchulukitsa yekhayekha kakhumi wafika kale 1,024. Tinakula tikumva kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo ndi zoona, koma denga ili ngakhale mutaitana mudzi wonse ndi midzi yoyandikana nayo silinyamuka.

Kuyesa njira zonse imodziimodzi amakutcha força bruta, mphamvu zopanda nzeru. Dzinali linandipweteka pang'ono, chifukwa limanyoza chinthu chimene kwathu timachilemekeza. Ife tinaleredwa ndi khasu. Munda ukakula umalawirira, ukakulanso umaitana dima, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Nzeru imeneyi siinama pa munda, chifukwa munda umakula molunjika: maekala awiri ndi ntchito ya ekala imodzi kawiri. Koma ndaona anthu, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo, akutenga nzeru ya kumunda kupita nayo ku ntchito zimene sizikula ngati munda. Pa ofesi ina imene ndinagwirapo ntchito, kalaliki ankafananitsa risiti iliyonse ndi mzere uliwonse wa m'kaundula pofufuza zolembedwa kawiri. Marisiti atachuluka anayamba kuweruka usiku, kenako kubwera Loweruka, ndipo akuluakulu ankamuyamikira pamsonkhano kuti ndi chitsanzo cha khama. Palibe anafunsa chifukwa chake marisiti atawirikiza kawiri, maola ake anawirikiza kanayi. Akanangowasanja kaye motsata manambala, ofanana akanagona moyandikana. Ndinazengereza miyezi iwiri ndisanamuuze, poopa kuti ndikhala ngati ndikumulanda ulemu wake, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu pa Loweruka lililonse limene anataya m'miyezi imeneyo.

Malire a pakati pa polinomial ndi exponencial sanagwe kumwamba. Anthu anachita kuwalemba. Kuwerenga masitepe kunayamba kale: mu 1844 Gabriel Lamé wa ku France anasonyeza kuti ndondomeko ya Euclid yopezera nambala yaikulu yogawa manambala awiri sifuna magawo oposa kasanu kuchuluka kwa ma algarismo a nambala yaing'onoyo. Mu 1956 Kurt Gödel analembera kalata John von Neumann, amene panthawiyo anali akudwala khansa, kumufunsa ngati makina angapeze umboni wa masamu mwachangu m'malo moyesa zonse. Koma chaka chimene ambiri amaloza ndi 1965, pamene Alan Cobham ndi Jack Edmonds, aliyense payekha, anaika poyera ganizo lakuti ndondomeko yabwino ndi ya tempo polinomial. Edmonds ankalimbana ndi emparelhamento, kuphatikiza zinthu ziwiriziwiri kuti mapeya achuluke momwe angathere, ndipo anapeza njira yodutsa pakati pa nkhalango ya zosankha popanda kugwira mtengo uliwonse. Ubwino wa malire amenewa ndi wakuti sasuntha ukasintha makina. Chimene chili polinomial pa kompyuta ya pa desiki panu chilinso polinomial pa máquina de Turing, makina a m'maganizo amene Alan Turing anafotokoza mu 1936. Ndiponso ukalumikiza ndondomeko ziwiri za m'banjali, yotulukapo imakhalabe ya m'banja lomwelo. Mavuto onse othetseka chotere anawaika m'khola limodzi lotchedwa P.

Chodabwitsa n'chakuti mavuto ofanana nkhope amatha kugwera mbali zosiyana za malirewo. Kupeza njira yaifupi kuchoka pamalo amodzi kupita pena kuli mu P. Edsger Dijkstra anaiganiza ndondomeko yake mu 1956 atakhala pamalo omwera khofi ku Amsterdam, ndipo mwini wake ankati zinamutengera mphindi 20, wopanda pepala kapena pensulo. Kudziwa ngati ungawoloke mlatho uliwonse wa m'tauni kamodzi kokha n'kosavutanso, ndipo Leonhard Euler anakumasula mu 1736 pa milatho isanu ndi iwiri ya ku Königsberg: umangowerenga milatho yofika pa chigawo chilichonse. Koma sinthani mawu amodzi, m'malo mwa mlatho uliwonse munene mudzi uliwonse, basi mwalowa m'nkhalango imene palibe anaitulukira njira yachidule.

Nkhalango imeneyi ili ndi khalidwe limodzi limene wamalonda aliyense amalidziwa. Tinene kuti madzulo ndalama za m'thumba zapitirira za m'kope ndi 7,350 meticais, ndipo muli ndi timapepala 30 ta anthu amene mwina abweza ngongole lero. Ndi timapepala titi timene tikaphatikizidwa tikwana ndendende 7,350? Mukati muyese magulu onse, alipo 1,073,741,824. Koma mwana wanu akabwera n'kunena kuti ndi aka, aka ndi aka, mungophatikiza kamodzi n'kudziwa ngati wanena zoona. Kupeza n'kowawa, kutsimikizira n'kwapafupi. Mavuto amene yankho lake likaperekedwa limatsimikizika mu tempo polinomial ali m'khola lotchedwa NP. Pa prova ina ndinalemba molimba mtima kuti NP ndi não polinomial, ndipo pepala linabwera ndi mzere wofiira wokhuthala. N ameneyo amaimira não determinístico. Kunena kuti não polinomial ndiko kuyankha funso limene dziko lonse likulephera kuyankha.

Funsolo ndi lakuti kodi P ndi NP ndi khola limodzi? Kodi chilichonse chosavuta kutsimikizira n'chosavutanso kupeza, kungoti sitinaione njira yake? Mu 1971 Stephen Cook anasonyeza kuti mu NP muli vuto limene mavuto ena onse a m'kholamo angasandulizidwe kukhala ilo, ndipo Leonid Levin ku Soviet Union anafika pa mfundo yomweyo payekha, n'kuisindikiza mu 1973. Mu 1972 Richard Karp anandandalika mavuto 21 a mtundu umenewu, kuphatikizapo la kuzungulira midzi yonse kamodzikamodzi ndi problema da mochila, la kusankha katundu wolowa m'chikwama. Amawatcha NP-completo. Ali ngati mbuzi zomangidwa pa chingwe chimodzi: womasula imodzi wamasula zonse. Mu 2000 bungwe la Clay Mathematics Institute linalonjeza madola 1 miliyoni kwa amene adzayankhe funsoli, kaya yankho likhale inde kapena ayi. Ndalamazo zikadali pomwepo. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti makola awiriwa ndi osiyana, koma kukhulupirira si umboni.

Nthawi zina mbuzi imene anthu ankaiyesa yovuta imapezeka kuti sinali pa chingwe chija n'komwe. Ndili mwana, mawu akuti números primos ankandiseketsa, poti primo m'Chipwitikizi ndi msuweni, ndiye ndinkadabwa kuti 7 ndi 11 chisuweni chawo chinayambira kwa yani. Awa ndi manambala osagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni. Kwa zaka zambiri panalibe ndondomeko yotsimikizika kotheratu yodziwira mu tempo polinomial ngati nambala yaitali ili primo. Mu 2002, ku IIT Kanpur ku India, Manindra Agrawal ndi ophunzira ake awiri, Neeraj Kayal ndi Nitin Saxena, anaipeza. Ife tikuphunzira nkhaniyi inali ikadali yamoto, ndipo aphunzitsi ankaikamba maso akuwala, akutikumbutsa kuti awiri mwa atatuwo anali anyamata a msinkhu wathu. Koma msuweni wake wa vutoli, kutenga nambala yaikulu n'kupeza ma primo amene anachulukitsidwa kuti ipangike, palibe wapeza njira yake yachangu pa makompyuta wamba. Pa kuvuta kumeneko ndi pamene panamangidwa RSA mu 1977, imodzi mwa njira zobisira uthenga zimene zateteza zinsinsi za anthu pa intaneti kwa zaka zambiri. Apa ndinayamba kuona kuvuta ndi diso lina. Loko ndi chinthu chosavuta kwa mwini kiyi, chovuta kwa wopanda kiyi. Ndikatumizira Mayi ndalama pa foni, ndimakhala ndikudalira kuti pali masamu ena amene wakuba, ngakhale akhale wakhama chotani, sangawamalize.

Komabe malirewa sindiwapembedza. Ndondomeko ya masitepe n¹⁰⁰ ili mu P, koma palibe angaidikire. Ya ku Kanpur ija, ngakhale inagwedeza dziko, si imene makompyuta amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, chifukwa pali zina zoyesa mwamaere zimene zimathamanga kuiposa. Nkhani imene imandikomera kwambiri ndi ya método simplex, imene George Dantzig anakonza mu 1947 yothandiza kugawa zinthu zochepa mopindulitsa, monga mafuta, magalimoto ndi maola a antchito. Mu 1972 Victor Klee ndi George Minty anasonyeza kuti pa tsiku loipitsitsa ndondomekoyi, momwe Dantzig anaikonzera, imagwera ku exponencial. Mu 1979 Leonid Khachiyan anatulukira ina imene ili polinomial, nyuzipepala zinalemba, koma poigwiritsa ntchito inapezeka yochedwa kuposa simplex. Makampani anapitiriza ndi yakale ija, poti tsiku loipitsitsalo pa ntchito zenizeni silibwera kawirikawiri. Kuthamanga sikufika, inde, koma nayenso wokhala ndi satifiketi ya liwiro si nthawi zonse amayamba kufika.

Ngakhale wamalonda wathu uja sali pa mavuto momwe bolodi linkaonetsera. Manambala oopsa aja ndi a munthu woyesa njira zonse. Mu 1954 Dantzig yemweyo, pamodzi ndi Ray Fulkerson ndi Selmer Johnson, anapeza njira yaifupi kwambiri yozungulira mizinda 49 ya ku America, n'kutsimikizira kuti palibe ina yoiposa, podula magulu athunthu a njira zosathandiza osaziyesa n'komwe. Pofika 2006, pulogalamu yotchedwa Concorde inali itamasula vuto la malo 85,900. Palibe lonjezo lakuti zidzatheka msanga nthawi zonse, koma zimatheka kawirikawiri. Ndipo amene safuna yankho langwiro ali ndi heurísticas, njira zongofikitsa pafupi. Nicos Christofides mu 1976 anapereka ya tempo polinomial imene, pa mitunda yoyezeka mwachizolowezi, njira yake siitalika kupitirira yangwiro ndi theka lake. Yosavuta kuposa zonse ndi vizinho mais próximo, kupita kumudzi umene uli pafupi nthawi iliyonse. Imeneyi ndi ija Mayi ankanena ali pamoto, ndipo vuto lake ndi lakuti imakonda kukusiyira mtunda wautali kumapeto, miyendo itatha kale.

Tchuthi cha chaka chimene tinaphunzira za wamalonda woyendayenda uja ndinapita kwathu nditanyamula nzeru zanga. Bambo anali atabwereranso pa njinga masiku ena a pamlungu, banca atasiyira achemwali. Ndinawafunsa mitunda ya pakati pa midzi yawo isanu ndi iwiri, iwo n'kumandiuza mongoyerekeza, ine n'kumalemba. Malo asanu ndi atatu pamodzi ndi kunyumba: njira 2,520. Pa laputopu yobwereka, força bruta inamaliza ndisanachotse chala pa batani. Njira imene inatuluka inali yaifupi kuposa yawo ndi makilomita pafupifupi atatu. Ndinaijambula pansi ndi kamtengo, pabwalo, nkhuku zikudutsadutsa pa mapu anga.

Anaiyang'ana nthawi yaitali, atagwira chibwano.

"Ndiye makina akowo akuti ndiyambire kusukulu?"

"Eya, Bambo. Kapena muyambire mbali inayi, n'chimodzimodzi. Mtunda wake ndi womwewo."

"N'chimodzimodzi?"

"Inde. N'chifukwa chake powerenga timagawa pawiri. Njira ndi kubwerera kwake timaziwerenga ngati imodzi."

Sananditsutse. Anangoloza ndi chala chakuphazi mudzi wachitatu pa mapu paja, n'kunena kuti anthu akumeneko m'mawa amakhala kudimba, ndalama amakhala nazo madzulo akagulitsa ndiwo. Analoza wina n'kunena kuti kumeneko kuli mayi wina amene ukamupeza mwamuna wake alipo sabweza ngongole. Kenako anati popeza makina anena, mawa tiyende njira ya makinawo, ndipo njinga ndikaigwire ndine.

Tinanyamuka kusanache, makatoni awiri odzaza, chigubu cha palafini cha malita 20 chili ndendende. Ndinasankha kuyambira kusukulu, poti ndi pafupi. Chitunda chija ndinkachidziwa kuyambira ndili mwana, koma ndinali ndisanachikwerepo ndi mchere wa midzi isanu ndi iwiri kumbuyo kwanga. Pofika pakati ndinatsika n'kuyamba kukankha. Njinga inkafuna kuimirira ndi tayala lakumbuyo, palafini akukhuvuka m'chigubu, malaya atamatirira pamsana, ine wefuwefu. Bambo ankabwera pambuyo, manja kumbuyo, akupatsa moni anthu opita kumunda ndi kuwauza kuti uyu ndi mwana wawo uja wa ku yunivesite.

Titafika pamwamba ndinatsamiritsa njinga pa mtengo wa bulugamu n'kukhala pansi. Iwo anayendera mphira ngati wamasuka, anakonza katoni imene inapendekeka, ndiye anandifunsa kuti kodi mawu aja ndinawauza dzulo, a wamalonda woyendayenda, amati chiyani m'Chipwitikizi. Ndinawauza. Anawabwereza kawiri, caixeiro-viajante, caixeiro-viajante, ngati akulawa ndiwo yachilendo. Kenako anandiuza kuti ndidzuke, kwatsala midzi isanu ndi umodzi.